Funsani Akatswiri: Emulator Iti pa Magemu a Game Boy, DS ndi PSP?

FUNSO: Akonzi, ndili ndi foni ya Android ya RAM ya 2GB. Ndikufuna kusewera magemu a Game Boy Advance ndi PSP, koma pa Play Store ma emulator ali mbwee. Ilipo imodzi yosewera zonse? Wowerenga wa ku Zomba.

YANKHO: Musayambe ndi kuwerenga nyenyezi za pa Play Store. Yambani ndi kudziwa makina omwe gemu mukuifunayo inapangidwira, chifukwa emulator ndi pulogalamu yomwe imatsanzira zam'kati mwa makina amenewo. Game Boy Advance ya 2001 inali ndi pulosesa ya 16.78 MHz. PSP, yomwe inatuluka mu 2004, imafika 333 MHz ndipo imajambula zithunzi za 3D. Yoyambayo foni yanu iitsanzira bwinobwino, yachiwiriyo ndi katundu wolemera.

Pa Game Boy, Game Boy Color ndi Game Boy Advance tengani Lemuroid. Ndi yaulere, ilibe zotsatsa malonda, ndipo m'kati mwake muli Gambatte ndi mGBA, ma emulator odziwika kuti amatsanzira molondola. Mumangoilozera foda ya magemu, yokha imawasanja. RetroArch imachita zomwezi ndi zina zambiri, koma ma menyu ake amazunguza mutu munthu wongoyamba kumene. Pa PSP ikani PPSSPP payokha. Ilipo ina ya Gold yogula, koma magemu amayenda chimodzimodzi. Ndalamayo ndi yothandizira oipanga. Pa Nintendo DS yesani melonDS, ngakhale pa foni ngati yanuyi magemu ena a 3D adzikoka.

Amene muli ndi kompyuta, mayina ndi omwewa: mGBA, melonDS, PPSSPP. VisualBoyAdvance yakale ija isiyeni, inaleka kukonzedwa kalekale. A iPhone, kuyambira 2024 Delta ndi PPSSPP zikupezeka pa App Store.

FUNSO: PPSSPP ndaika, koma mawu akudukaduka ndipo pakatha mphindi khumi gemu imayamba kukwawa. Ndisinthe emulator? Wowerenga wa ku Chipata.

YANKHO: Ayi, musasinthe. Mawu akamadukaduka vuto silikhala la mawu. Foni ikulephera kufika liwiro lonse la gemu. Lowani mu Settings, kenako Graphics, muyatse poonetsa liwiro. Nambala yofunika ndi 100%. Mukaona 30 FPS, kutanthauza zithunzi 30 pa sekondi, musade nkhawa, magemu ambiri a PSP anapangidwa choncho.

Ngati liwiro silikufika, tsitsani Rendering resolution kufika pa 1x, omwe ndi madontho 480 ndi 272 a PSP yeniyeni. Ambiri sadziwa kuti 2x imachulukitsa madontho kanayi, 3x kasanu ndi kanayi. Zimitsani Texture upscaling ndi ma shader onse. Mukatero yesani kusintha Backend, kuchoka pa Vulkan kupita pa OpenGL kapena kubwerera, popeza mafoni amasiyana. Battery saver ikhale yozimitsa, imamanga pulosesa miyendo. Frameskip muiike pa 1 pokhapokha zonsezi zakanika, chifukwa imaponya zithunzi zina ndipo gemu imaoneka yodumphadumpha.

Zoti imayamba bwino n'kufooka pambuyo pake, kumeneko ndi kutentha. Foni ikatentha imadzichepetsera yokha liwiro kuti isapse. Vulani kava, chepetsani kuwala kwa sikirini, ndipo musasewere ili pa chaja. Magemu ena, monga a God of War, ndi olemera mwachibadwa; pa foni yaing'ono ndi bwino kungowasiya.

FUNSO: Ndinasewera Pokémon FireRed milungu itatu. Nditachotsa emulator n'kuikanso, zonse zinapita. Pa emulator ina gemu yomweyi inkakana kuseva. Ndalakwitsa pati? Wowerenga wa ku Mzuzu.

YANKHO: Pepani kwambiri, achimwene, zimenezi zimapweteka. Apa ndi pomwe ife timayesera emulator, kuposa kukongola kwa zithunzi.

Kuseva kulipo kuwiri. Koyamba ndi kwa m'gemu momwemo, mukasankha SAVE pa menyu yake. Kumeneku kumalemba kafayilo kakang'ono kothera ndi .sav, kapena .srm ngati muli pa RetroArch. Kachiwiri ndi save state, pomwe emulator imajambula zonse zomwe zili m'memori panthawi imeneyo. Save state ndi yokoma chifukwa mumaima paliponse, ngakhale pakati pa nkhondo, koma ndi ya emulator imeneyo yokha. Ya mGBA singatseguke mu pulogalamu ina, ndipo nthawi zina imakana ngakhale mu emulator yomweyo ikangosinthidwa kukhala yatsopano. Fayilo ya .sav ndiyo imayenda nanu kulikonse. Choncho sevani m'gemu nthawi zonse musanatseke, save state ikhale yongothandizira.

Chomwe chinakudyerani milungu itatu ndi malo osungira. Kuyambira Android 11, mapulogalamu ambiri amasunga zinthu mu foda yawo ya m'kati mwa Android/data, ndipo mukachotsa pulogalamu fodayo imapita nayo limodzi. PPSSPP imakufunsani poyamba penipeni komwe isunge; pangani foda yanu, muitche PSP, osasankha ya m'kati mwa pulogalamu. Zoseva zanu zidzakhala mu PSP/SAVEDATA. Sabata iliyonse koperani mafayilo amenewa ku memori khadi kapena ku Google Drive. Sadya bandulo: ya FireRed ndi 128KB yokha.

Kukana kuseva kuja n'kwa ma emulator akale. Makatiriji a Game Boy Advance anali ndi mitundu ingapo ya memori yosungira, ndipo FireRed, yomwe ndi gemu ya makina amenewa, imafuna mtundu wotchedwa Flash wa 128K. Emulator ikaganiza kuti ndi 64K, gemu imalemba uthenga wonena za "1M sub-circuit board" n'kukana. Musinthe Save type ikhale Flash 128K, kapena samukirani ku mGBA yomwe imazindikira yokha. Pokémon Ruby, Sapphire ndi Emerald zikamadandaula kuti batire la m'kati lauma, yatsani Real-time clock, apo ayi zipatso zomwe mwadzala m'gemumo sizikula.

Posamutsa fayilo ya zoseva, dzina lifanane ndendende ndi la gemu. Ngati gemu ndi firered.gba, seva ikhale firered.sav. Chilembo chimodzi chikasiyana, muyambiranso pachiyambi.

FUNSO: Emulator yanga ikufuna BIOS, ndipo tsamba lina likundiuza kuti ndiike kaye APK kuti gemu itseguke. Nditero? Wowerenga wa ku Johannesburg.

YANKHO: Chonde musaike. Gemu ya Game Boy imathera ndi .gb kapena .gbc, ya Advance .gba, ya DS .nds, ya PSP .iso kapena .cso, ndipo zina zimabwera zomangidwa mu .zip. Yothera ndi .apk kapena .exe si gemu ayi, ndi pulogalamu, ndipo kumeneko ndi komwe kumabisala ma vayirasi. Kukula kwa fayilo nakonso kumaulula: gemu ya Advance sipyola 32MB, pomwe chimbale cha PSP chimafika 1.8GB. Emulator yomwe ikupempha kuwerenga mauthenga anu kapena manambala a anzanu ichotseni lero lomwe.

Za BIOS, yomwe ndi kapulogalamu ka m'kati mwa makina enieniwo, PPSSPP siifuna n'komwe. mGBA ili ndi yake yolowa m'malo, melonDS nayonso imasewera magemu wamba a DS popanda mafayilo amenewa.

Magemu ogulitsidwa ali ndi eni ake ngakhale akhale a 1989, ndipo kuwatenga pa intaneti ndi kuphwanya malamulo a umwini. Njira yoyera ndi kukopera katiriji yanuyanu ndi kachipangizo monga GB Operator kapena GBxCart RW, komwe kamatulutsanso seva yanu yakale. Aliponso magemu atsopano a Game Boy omwe opanga ake amagawa mwaulere pa itch.io.

FUNSO: Anthu a m'gemu akuoneka onenepa, ndipo mabatani akuchedwa kumva. Wowerenga wa ku Blantyre.

YANKHO: Chithunzi mwachitambasula kuti chidzaze sikirini. Cha Advance ndi madontho 240 ndi 160. Zimitsani Stretch, muyatse Integer scaling ngati ilipo. Pa sikirini ya madontho 720 mbali yaifupi chidzakula kanayi, 960 ndi 640, ndi mizere yakuda m'mbali. Mizereyo isiyeni, m'pomwe pakhale zala zanu. Kuchedwa kwa mabatani kawirikawiri kumachokera ku Bluetooth, ya padi yosewerera kapena ya mahedifoni. Lumikizani padi ndi chingwe cha OTG, cholumikizira zipangizo za USB ku foni, mahedifoni akhale a waya, ndipo onani kaye ngati doko la foni yanu ndi USB-C kapena Micro-USB musanagule chingwecho.