Achemwali, musathamangire kumulanda gemuyo

Eee, achemwali, mwaswera bwanji kumeneko? Voisi yanu ndaimva, ndiye ndati ndiyankhire pagulu pompano, popeza ndaona kuti alamu aikapo kale mawu awo, akuti mungomulanda basi nkhani ithe. Pepani ikhala yaitali, kulemba zonsezi ndi chala sindingakwanitse.

Mukuti mnyamata wathuyu mutamudzudzula kuti wangokhalira magemu, wakuyankhani kuti magemu ndi luso ngati mabuku ndi mafilimu, ndiye mukufuna mudziwe ngati ndi zoona kapena akukupusitsani. Komanso mukuti ine, popeza ndine ndinamuyambitsa, ndinene amene ndimawakonda. Chabwino, mlandu ndaulandira, malume ake ndine.

Mwanayo sakunama, komanso sakunena zonse. Magemu ambiri amene anyamatawa amasewera, FIFA ija, magalimoto othamanga aja, ndi masewera basi, ofanana ndi bawo ya pansi pa mtengo. Palibe cholakwika, koma asakuuzeni kuti pamenepo akuphunzira za moyo. Koma alipo ena ochepa, achemwali, amene ndinawasewera n'kuzimitsa, n'kukhala kaye phee pampando osafuna kuyankhula ndi munthu. Amenewo ine ndimawaika pamodzi ndi mabuku anga abwino, ndipo sindichita nazo manyazi.

Ndiyambe ndi imene ndikudziwa kuti ikufikani pamtima, inu amene munayendapo ulendo wa basi wa ku Joni. Dzina lake Papers, Please. Inatuluka mu 2013, anaipanga munthu mmodzi, Lucas Pope, wa ku America. Zithunzi zake n'zosaoneka bwino n'komwe, ngati za kompyuta zakalekale. Iwe umakhala wogwira ntchito pa boda, m'kakanyumba kodindira mapasipoti, m'dziko longopeka lotchedwa Arstotzka, chaka chake 1982. Ntchito yako ndi imodzi: munthu afika pawindo, akupatsa mapepala, iwe uona ngati dzina, chithunzi ndi madeti zikugwirizana, kenaka udinda chololeza kapena chokaniza. Basi. Ukamva choncho ungati gemu yanji yotopetsa.

Koma taonani mmene anaikonzera. Malipiro ako amatengera anthu amene wawadindira molondola tsiku limenelo. Ukalakwitsa amayamba akuchenjeza, ukapitiriza amakudula ndalama. Madzulo imakuonetsa za kunyumba: lendi, chakudya, moto wotenthetsa nyumba poti kumazizira, ndipo kunyumbako kuli mkazi wako, mwana wako, apongozi ndi amalume. Ndalama ikachepa usankhe wekha, lero agona ndi njala kapena agona ndi chisanu. Mwana akadwala mankhwala ndi ndalamanso. Malamulo nawo amasinthasintha, lero akuti pakufunika chiphaso ichi, mawa china.

Ndiye tsiku lina pamabwera bambo wina, mapepala ake onse ali bwino, umudindira. Pochoka akuuza kuti wotsatira pamzerepo ndi mkazi wake, umuchitire chifundo. Mayiyo afika, chiphaso cholowera alibe. Pamenepo, achemwali, dzanja limaima. Ukamulola walakwira lamulo, ndipo ukudziwa kuti kulakwitsa kukachuluka mwana wako sadya. Ukamukaniza walekanitsa banja, ndipo mwamuna wadutsa kale. Palibe amene amakuuza chochita. Chidindo chili m'manja mwako. Ife tonse pa boda timakhala mbali ya pamzere, kutukwana chamumtima munthu wa kuseri kwa galasi uja. Gemu iyi imakukhazika kuseri kwa galasiko n'kukupatsa ana oti udyetse. Buku likhoza kundifotokozera za munthu wotero, filimu ikhoza kundionetsa nkhope yake, koma apa wokaniza mayiyo ndine, ndipo ndikagona ndikudziwa kuti ndine. Ndipo pano inafika pafoni, kuyambira 2022, simufunika makina odula.

Inayo ndi ya ku Japan, Shadow of the Colossus, ya 2005, ya pa PlayStation 2, anaitsogolera Fumito Ueda. Mnyamata afika pa kavalo m'dziko loletsedwa atanyamula mtembo wa mtsikana. Mawu osaoneka mwini wake amuuza kuti akapha zimphona 16 mtsikanayo adzuka. Ndiye umayenda mtunda wautali m'chipululu, mulibe mudzi, mulibe munthu, kungomva mphepo ndi ziboda za kavalo. Ukachipeza chimphonacho, china chachitali kuposa nyumba zosanja, uyenera kukwera pathupi pake, kugwira ubweya wake, icho chikudzigwedeza kuti ugwe, iwe chala chili pa batani osasiya mpaka chimachita kupweteka. Koma zambiri mwa izo sizinakuyambe, zinali kungokhala kwawo. Ukachibaya n'kugwa, m'malo mwa nyimbo ya chipambano imalira nyimbo ya chisoni, ngati ya pamaliro, ndipo zinthu zakuda zimatuluka m'chimphonamo n'kulowa m'thupi mwa mnyamatayo. Akamapitiriza, nkhope yake imanka niyipa. Pofika pakati umakhala wazindikira kuti ukuchita choipa, koma umapitabe kukapha chotsatira, poti unayamba kale ndipo mtsikana akadali chigonere. Mathero ake sindinena, mwina mnyamata wathuyu sanafikeko.

Musaganize kuti mkangano wanu ndi mwanayu ndi wachilendo. Kunali mkulu wina wotchuka polemba za mafilimu ku Chicago, Roger Ebert, amene mu 2010 analemba kuti magemu sangakhale luso. Anthu anamuyankha mwaunyinji, mpaka anavomera kuti sanayenere kuweruza zinthu zimene sanazisewere, ngakhale maganizo ake sanawasinthe kwenikweni. Patangopita zaka ziwiri, mu 2012, nyumba yaikulu yosungira zaluso ku New York, Museum of Modern Art, inatenga magemu 14 n'kuwaika m'gulu la zinthu zake, kuphatikizapo Pac-Man ndi Tetris. Komabe ine za nyumba ya ku New York sizindikhudza kwambiri, akanakana ndikananenabe zomwezi.

Za mafilimu, mukukumbukira tikukula mmene tinkazembera kupita ku vidiyo, kukhala pa mabenchi m'kachipinda ka mdima, kuonera Rambo ndi makarate? Kenaka kunabwera aja omasulira m'Chichewa, munthu mmodzi kuyankhula mawu a onse, kuwonjezeramo nthabwala zake mpaka nkhani yeniyeni kusowa. Amenewo ndimawakondabe, ndipo luso la omasulira aja anthu amalipeputsa. Koma mukandifunsa imodzi yoti ndisunge zina zonse zitapsa, ndi ya ku Italy, ya 1948, Bicycle Thieves, ya Vittorio De Sica. Ndi yakuda ndi yoyera, mulibe mfuti, mulibe kuphulika.

Nkhondo yangotha, ntchito ku Rome kulibe. Bambo wina, Antonio, apeza ntchito yomata mapepala a malonda m'makoma, koma akuti ukhale ndi njinga. Njinga yake ili pa pinyolo. Mkazi wake achotsa nsalu zoyala pabedi, akazipinyolitsa kuti awombole njingayo. Pali kachigawo kena pamenepo, wogwira ntchito m'nyumba ya pinyolo akukwera mashelefu ataliatali odzaza ndi mitolo ya nsalu za mabanja ena, palibe amene akuyankhula, koma wamva kale kuti mzinda wonse ukugona pa matiresi opanda kanthu. Tsiku loyamba lenileni la ntchito, njinga ibedwa. Filimu yonse ndi iye ndi kamwana kake, Bruno, kuyenda wapansi kufunafuna, ku polisi, ku msika wa zipangizo za njinga, ku tchalitchi, mvula ikuwavumba. Kumapeto, bambo uja atathedwa nzeru, aona njinga ya wina itatsamira pakhoma. Atuma mwana kuti akwere thiramu, kasitima koyenda m'misewu ya m'tauni, azipita, iye aikwera n'kuthawa. Amugwira, amumenya makofi, ndipo mwana uja sanapite, waona zonse. Mwini njinga ataona mwanayo akulira angoti musiyeni. Amene anasewera bamboyo sanali katswiri wa zisudzo, anali wogwira ntchito m'fakitale. Ine ndikaona anyamata a kabaza pa siteji m'mawa, aliyense atagwira njinga yake, filimu imeneyi imandibwerera, chifukwa ndimadziwa chimene chingachitike pakhomo njinga imodziyo itasowa.

Ya kwathu kuno, ija ya William Kamkwamba ya 2019, The Boy Who Harnessed the Wind, tinaonera limodzi, ndipo munaseka Chichewa cha Chiwetel Ejiofor, uja anasewera bambo ake a William, mpaka misozi. Inenso ndinaseka. Koma zigawo za njala ija ya 2001 ndi 2002, anthu akukanganirana chimanga, palibe anaseka, amayi anangodzuka kupita panja. Mumuonetsenso mafilimu a Shemu Joyah, makamaka The Last Fishing Boat, aone kuti nkhani za kunyanja kwathu zimakwana pa sikirini.

Buku ndiye mukulidziwa kale, Things Fall Apart la Chinua Achebe, la 1958, lija ndinakubisirani mpaka chikuto chinathothoka. Anthu amakonda kukamba za kubwera kwa azungu, koma ine malo amene amandigwira ndi imfa ya Ikemefuna. Mwana wakhala pakhomo pa Okonkwo zaka zitatu, akumutcha bambo. Mudzi wagamula kuti aphedwe, ndipo mkulu wina wachenjeza Okonkwo kuti asaikepo dzanja. Koma akupita nawo kuthengo, ndipo mwanayo atathamangira kwa iye kuti amupulumutse, Okonkwo amutema yekha ndi chikwanje, kuopa kuti anthu angamuyese wofooka. Achebe sakuuza kuti ulire kapena udane naye. Amangolemba mwachidule, kenaka n'kukuonetsa bamboyo akulephera kudya masiku awiri. Ndikaika bukuli pafupi ndi bambo wakuba njinga uja, ndi wa pa boda uja, ndimaona kuti zimene ndimakonda zonse ndi za munthu wosakhala mfiti, munthu wamba, amene wapanikizika n'kuchita chimene iye mwini akudziwa kuti n'choipa. Kaya zikunena chiyani za ine, alamu ayankha.

Tsono chochita ndi ichi, mwa kuona kwanga. Musamulande kaye. Mukhale naye pansi mphindi makumi awiri, mumuuze akuonetseni imene akuti ndi luso, akufotokozereni nkhani yake ndi chimene yamuchititsa kuganiza. Akayamba kufotokoza mpaka inu kutopa, dziwani kuti mwanayo akuona zinthu, ndipo wotero savuta kumupatsa buku. Akangoti "n'zobeba basi," ndiye kuti mawu a luso aja anangowatola pa intaneti kuti akutsekeni pakamwa, mumuikire nthawi, homuweki ndi ntchito za pakhomo zikhale patsogolo. Muonenso manambala amalembedwa pa gemu aja. Pakalembedwa 18, ngati GTA, ndiye kuti ndi ya akuluakulu, iye sanafike, ndipo pamenepo ine ndili mbali yanu.

Koma chimene ndikuopa kwambiri si zimenezi ayi. Muone m'foni mwakemo ngati mulibe zija za kandege ndi zobetcha mpira. Ana amazitchula magemu, koma ndi juga, ndipo ndi zimene zikumaliza ndalama za anyamata ambiri. Mukaona kuti ndalama ya bandulo ikutha msanga kapena akupempha pafupipafupi popanda chifukwa, mundiimbire, ndiyankhula naye ndekha ngati malume ake, osati pagulu pano.

Loweruka ndibwera ndi flashi, ndaikamo filimu ya njinga ija, ili ndi mawu a Chingelezi pansi. Magetsi akakhalapo tionere tonse, alamu nawonso asathawe. Buku la Achebe mumufufuzire m'katoni ya mabuku ija ili kuchipinda kwa amayi, likapanda kupezeka ndigula lina. Mupereke moni kwa onse kumeneko.