Kodi ndizilemba m'Chichewa matanthauzo a mawu ovuta a Chingerezi?

Wowerenga wina amene akukonzekera mayeso a MSCE wafunsa kuti: "Ndimaloweza mawu 20 achilendo a Chingerezi patsiku, koma sabata ikatha onse amakhala atathawa. Anzanga akuti ndimalakwitsa polemba matanthauzo m'Chichewa. Kodi ndi zoona?"

Anzanuwo akukusokeretsani. Chichewa sichikulakwirani. Vuto ndi Chichewa chaulesi, chija chongoti "wabwino" kapena "woipa" pa liwu lililonse, pamodzi ndi kumeza liwu lathunthu osaliphwanya.

Kuphwanya mawu mumakudziwa kale. Mukamva "kumangitsa", "kumangidwa" kapena "kumangana", simuthamangira ku mtanthauziramawu, chifukwa tsinde lake mwaliona ndipo timphatikira take mumatidziwa. Mumadziwanso kuti "tsegula" amatembenuza "tseka", ndipo "vula" amatembenuza "vala". Mawu aatali a Chingerezi anamangidwa chimodzimodzi, kungoti njerwa zake zambiri ndi za Chilatini ndi Chigiriki.

Tengani procrastinate, liwu limene ndimalikonda kwambiri. Pro- ndi "kutsogolo", cras m'Chilatini ndi "mawa". Ndiye kuti kukankhira ntchito mawa. Ife tili nalo kale liwu loyenererana nalo: kuzengereza. Si kuchedwa ayi. Munthu amachedwa chifukwa minibasi yafera pa msewu, koma wozengereza khasu ali nalo m'manja, munda akuuona, koma akuti ayamba dzuwa likapepa. N'zomvetsa chisoni kuti ambiri masiku ano akungoti "wandidileya" pa zonse ziwiri, ndipo kusiyana kumeneku kukufa tikuona. Amene wataya "kuzengereza" m'Chichewa sangagwire procrastinate m'Chingerezi.

Tsinde limodzi limabwera ndi abale ake. Mal- ndi "choipa". Malaria, malungo athu aja, ndi Chitaliyana chotanthauza "mpweya woipa", poti anthu akale ankaganiza kuti nthendayi imachokera ku mpweya wa m'madambo. Mukagwira pamenepo, malice ndi njiru, malevolent ndi munthu wofunira anzake zoipa, malnutrition ndi kuperewera kwa zakudya m'thupi. Wotsutsana ndi mal- ndi bene-, kutanthauza "chabwino", choncho benevolent ndi wokoma mtima. Loqui ndi "kulankhula": loquacious ndi wolongolola, pamene eloquent ndi wolankhula mwaluso mpaka bwalo lonse kuti zii.

Chitani chonchi. Tsitsani chiwerengero kuchoka pa 20 kufika pa 5 patsiku, ndipo mawuwo achokere m'nkhani imene mukuwerenga, osati pa mndandanda wongotola pa intaneti. Gawani tsamba la kope panayi: liwulo, zidutswa zake, liwu la Chichewa lolunjika, ndi chiganizo chanu cha Chingerezi chonena za kwanuko. Bwerezani mawa lake, pakatha masiku 3, kenako pakatha sabata. Pobwereza, phimbani Chingerezicho ndi dzanja, muyang'ane Chichewa chokha n'kulitulutsa liwulo pamutu. Kungoliyang'ana n'kugwedeza mutu kumanyenga, mumaona ngati mwalidziwa pamene mwangolizindikira nkhope.

Gawo lachitatu lija ndi limene ambiri amagwerapo. Frugal ndi stingy onse amanena za munthu wosataya ndalama, koma frugal ndi mayi wosamala, amene thumba limodzi la chimanga amalifikitsa kumapeto kwa mwezi, pamene stingy ndi woumira, womana ngakhale mchere. Mukalemba "woumira" pa onse awiri, tsiku lina mudzatukwana munthu mukuyesa kumuyamikira. Ngati liwu limodzi la Chichewa silikukwana, lembani atatu kapena anayi, palibe cholakwa.

Chenjezo ndi lakuti zidutswa zimanamiza nthawi zina. In- kawirikawiri amakana, monga mu invisible, chosaoneka. Koma invaluable si chopanda phindu, ndi chamtengo wapatali moti simungachiikire mtengo. Inflammable, lolembedwa pa magalimoto onyamula petulo, silitanthauza chosayaka, likutanthauza choyaka msanga. Ndiye mukaphwanya liwu n'kulosera tanthauzo lake, tsegulanibe mtanthauziramawu, muwerenge matanthauzo onse pamodzi ndi ziganizo zachitsanzo musanalembe kalikonse m'kope lanu.