Yankho kwa alamu pa za mchere wa m'magazi ndi kufuna mwana wamwamuna

Alamu, mwaswera bwanji ku Ulongue? Uthenga wanu ndaumva. Mukuti mwaona kanema wonena kuti mayi akamadya zamchere wambiri ndi nthochi, n'kusiya mkaka ndi kapenta, amabereka mwamuna, ndiye mukufuna mutsikire ku Tete mukayezetse mchere wa m'magazi musanatenge pathupi pena. Poti mwafunsira pa gulu, ndiyankhira pompano kuti achimwene ndi amayi amve nawo.

Ndalama ya ulendoyo isungeni. Michere imene akunenayo ilipodi m'magazi, inayi: sodiyamu, potaziyamu, kashiamu ndi maginiziyamu. Koma siikwera kapena kutsika potengera ndiwo za dzulo. Pepala la ku labotale la munthu wabwinobwino limasonyeza sodiyamu pakati pa 135 ndi 145, potaziyamu pakati pa 3.5 ndi 5. Impso ndi zimene zimalondera manambala amenewa usana ndi usiku, ngati mmene amatsegulira zitseko za damu la Cahora Bassa madzi akachuluka. Mukadya mchere wambiri mumamva ludzu, mumamwa madzi, impso n'kutaya wotsalawo mu mkodzo. Mawa mukayezetsa, nambala ili pomwe paja. Kashiamu ndiye amanamiza kwambiri. Akachepa m'zakudya, thupi limakamutapa m'mafupa anu kuti m'magazi akhale wokwanira. Pepala linena kuti zonse zili bwino, pamene mafupa ndiwo akulipira.

Ndiponso potaziyamu amatha kuoneka wokwera mwabodza, ngati potenga magazi lamba wa pamkono anamangitsa nthawi yaitali, kapena magazi anakhalitsa m'kabotolo asanawayeze. Manambalawa akasokonekeradi, ndiye kuti pali matenda: kutsekula m'mimba, kusanza kosalekeza, vuto la impso, kapena mankhwala ena okodzetsa. Za mwana wamwamuna sizimalembedwa pamenepo.

Tsopano achimwene mumvetsere, pano ndi panu. Dzira la mayi limanyamula chizindikiro chimodzi chokha, chotchedwa X. Mbewu ya abambo ndiyo ili mitundu iwiri, ina ya X, ina ya Y, pafupifupi theka ndi theka. Ikafika ya X pa dzira, mwana ndi wamkazi. Ikafika ya Y, ndi wamwamuna. Zimatha tsiku lomwelo mimba ikukhala, ndipo abambowonso sasankha. Pa dziko lonse, pa atsikana 100 obadwa pamabadwa anyamata pafupifupi 105. Mwa mabanja 8 a ana atatu, limodzi limakhala ndi atsikana okhaokha, mongochitika. Choncho amayi, ndikupempheni, mawu aja oti mimba ya alamu ndi ya akazi okhaokha asamvekenso pakhomo. Amapweteka, komanso si oona.

Nkhani ya zakudyayi si yatsopano. Anaifalitsa madokotala ena a ku France cha m'ma 1970 ndi 1980, koma mpaka lero palibe kafukufuku wamkulu wodalirika amene anaitsimikiza. Mu 2008 ku England anatulutsa kafukufuku amene anafunsa amayi 740 zimene ankadya, n'kunena kuti odya kwambiri ankabereka anyamata ochulukirapo pang'ono, koma akatswiri ena atawerengeranso anati zikhoza kukhala mwangozi chabe. Za kuwerenga masiku okhalira malo amodzi pofuna mwana wamwamuna anazifufuza ku America, zotsatira n'kutuluka mu 1995, sanapeze kuti tsikulo limasintha kanthu. Nanga n'chifukwa chiyani anthu amachitira umboni? Njira iliyonse, ngakhale kumwa madzi a pachitsime, theka la oyesa adzapeza chimene amafuna. Amenewo ndi amene amajambula makanema. Theka linalo limangokhala chete.

Chikundidetsa nkhawa n'chakuti chakudya cha mu kanemamo chikhoza kukuvulazani. Mchere wokwanira munthu wamkulu pa tsiku usafike magalamu 5, kasupuni ka tiyi kamodzi kosadzaza, kuwerengera zonse: wa m'ndiwo, wa mu caldo (zokometsera ndiwo zogula zija), wa mu soda wa therere, wa mu nsomba youma yamchere ya chicoa. Kwathu kuno timapitirira kale popanda kuwonjezera. Chicoa muziyamba mwainyika m'madzi, kutaya madziwo kawiri, ndipo mumphikamo musathirenso mchere kapena caldo. Mchere wochuluka umakweza kuthamanga kwa magazi (BP). Kusiya zakudya za kashiamu n'koopsanso, chifukwa mayi wosowa kashiamu ndiye amagwidwa msanga ndi matenda aja a BP ya pathupi, otupitsa nkhope ndi manja mpaka kukomoka. Ndiye taonani, kanemayo akukuuzani muwonjezere chokweza BP, muchotse chokutetezani. Mapiritsi a potaziyamu ogula nokha ayi ndithu, akachuluka amasokoneza kagundidwe ka mtima. Zotsuka kumaliseche ndi soda kapena viniga ayinso, zimapha tizilombo tabwino toteteza njira, matenda n'kulowa.

Kapenta muzidya ndi mitu ndi minga yomwe, kashiamu ali mmenemo. Bonongwe, chisoso, nkhwani wotendera, nyemba, mazira, chambiko chikapezeka. Nthochi ndi mbatatesi za ku Angónia idyani monga chakudya, si mankhwala. Mchere ugulidwe wa ayodini, ndipo muzisunga m'chitini chotseka, kutali ndi moto ndi dzuwa, chifukwa ayodini amauluka.

Ngati mukufuna kuyezetsa, pali zinthu ziwiri zaphindu, ndipo amayeza ku chipatala chakwanu komweko. Choyamba, kuchuluka kwa magazi. Mayi woyembekezera nambala yake isatsike pa 11. Mukaona m'zikope mwayera, mukutopa ndi kamtunda kakang'ono, kapena mukulakalaka dothi, kawirikawiri ndi ayironi amene wachepa. Mapiritsi a sal ferroso aja amakhala ndi ayironi pamodzi ndi foliki asidi. Foliki asidi amafunika mamaikulogalamu 400 pa tsiku, ndipo ndi bwino kuyamba musanaime, chifukwa msana ndi ubongo wa mwana zimayamba kuumbika m'masiku 28 oyamba, nthawi imene amayi ambiri sanadziwe n'komwe kuti ali ndi pakati. Musamwere tiyi kapena khofi, zimatsekereza ayironi. Mwerani madzi, kapena madzi a malambe kapena a lalanje, amathandiza kuti alowe bwino. Chimbudzi chikada musadabwe, ndi mmene amachitira. Akakuchititsani nseru, imwani mutadya kapena pogona, osati kusiya. Akakupatsaninso a kashiamu, musamwere pamodzi, musiyanitse maola angapo.

Chachiwiri, BP. Ikafika 140 pa 90 ndi yokwera. Muli ndi pakati n'kumva mutu waukulu, kuona mwachimbuuzi, kupweteka pansi pa nthiti za kumanja, kutupa nkhope, musadikire tsiku la sikelo, pitani tsiku lomwelo ngakhale usiku.

Chinanso alamu, ngati wamng'onoyo sanakwanitse zaka 2, dikirani kaye, thupi libwezeretse magazi ndi kashiamu amene linapereka. Mukaima, yambani sikelo miyezi itatu isanathe, Fansidar wa malungo amayamba mukapitirira masabata 13, ndipo muzigona mu neti. Kujambula kwa ecografia cha pa masabata 20 kumatha kuonetsa ngati ndi mnyamata kapena mtsikana, koma kumangoonetsa, sikusintha. Wina aliyense wokuuzani kuti ali ndi jakisoni kapena mtsitsi wotembenuza mwana m'mimba akungofuna ndalama zanu.

Achimwene, muwaperekeze alamu ku chipatala sabata ino, nanunso akakuyezeni BP. Mukabwerako mujambule khadi la ku chipatalalo munditumizire kumbali, ndione manambala awiriwo.