Tikakanena za mlendo, nkhaniyo imakafika kwa yani?

Mayi wina wa ku Zobwe, kuno ku Mozambique, wandilembera imelo. Amagula mbatata ya kachewere ku Tsangano n'kumakagulitsa ku Tete, ndipo kuseri kwa nyumba yawo kuli zipinda ziwiri zimene amachititsa lendi. Pamsonkhano wa m'bayiro anauzidwa kuti aliyense wolandira mlendo wosadziwika azikanena kwa sekeretale chifukwa cha nkhondo ya ku Cabo Delgado, chigawo cha kumpoto kwa dziko lino. Mwana wa achimwene awo ndi msilikali, ali komweko. "Ndikakanena," akutero, "nkhaniyo ikafika kwa yani? SISE imene anthu amaitchula monong'onayi ndi apolisi kapena asilikali? Nanga ngati boma lili ndi magulu onsewa, bwanji a ku Rwanda ndi amene akutimenyera nkhondo?"

Mayi, zikomo polemba. Ndiyambe ndi mmene zinthu zinayalidwira pa pepala, poti gawo limenelo silivuta.

Zonse zimakathera kwa Pulezidenti. Iye ndiye mkulu wa magulu onse a chitetezo, ndipo ndi amene amasankha mkulu wa asilikali, wa apolisi ndi wa SISE. Ali ndi bungwe lomulangiza, Conselho Nacional de Defesa e Segurança, limene amalitsogolera yekha. Asilikali a FADM ali pansi pa unduna wa za chitetezo. Kumeneko n'kumene kuli mwana wanuyo, ndipo mwina mukudziwa kale kuti kumapeto kwa 2023 Nyumba ya Malamulo inakweza zaka za usilikali wa lamulo kuchoka pa ziwiri kufika pa zisanu. Apolisi a PRM ali pansi pa unduna wa za m'dziko, limodzi ndi gulu lawo la zida zamphamvu la UIR, apolisi a m'malire, ndi a SENAMI amene amadinda mapasipoti pa Zobwe panupo.

SISE si apolisi ndipo si asilikali. Dzina lake lonse ndi Serviço de Informações e Segurança do Estado, nthambi ya ukazitape ya dziko lino. Anthu ake savala yunifolomu, ndipo lipoti lawo limapita kwa Pulezidenti osadzera kwa nduna. Ntchito yawo ndi kumvetsera, kusonkhanitsa zimene amva, kuzisanthula n'kuchenjeza zoipa zisanachitike. Kufufuza mlandu ndi kwa SERNIC, imene inalowa m'malo mwa PIC, apolisi akale ofufuza milandu, mu 2017, ndipo kuutengera kukhothi ndi kwa oimira boma pa milandu. Kunong'ona mukunenako kuli ndi pochokera. SISE inabadwa mu 1991 m'malo mwa SNASP, imene inakhazikitsidwa mu 1975 ndipo inkatha kumanga munthu n'kumusunga popanda kumuzenga mlandu. Akuluakulu athu sanaiwale, ndipo mantha awowo ana anayamwira.

Tsono mukanena kwa sekeretale, njira yake ndi yakuti iye akanene kupolisi kapena kwa mkulu wa posto, nkhaniyo ikwere kuboma, ndipo ngati ili yolemera ifike kuchigawo mpaka ku Maputo. Kuti njirayi igwire ntchito pafunika zinthu ziwiri: wakumudzi alankhule, wapamwamba amve. Ku Cabo Delgado chachiwiricho n'chimene chinasowa poyamba.

Pa 5 Okutobala 2017 amuna pafupifupi 30 anaukira malo a apolisi ku Mocímboa da Praia. Kwa ambiri a ife zinali zodzidzimutsa, koma kwa anthu a kumeneko ayi. Zaka zingapo m'mbuyomo atsogoleri a Chisilamu anali atadandaula kale kuboma za anyamata amene ankalowa mu mzikiti atavala nsapato ndiponso atanyamula mipeni, ankaletsa ana kupita kusukulu za boma, n'kumanyoza mashehe achikulire kuti si Asilamu enieni. Uthenga unalipo, ndipo unachokera kwa anthu wamba ngati inuyo. Boma linauona ngati mkangano wa m'chipembedzo. Ngakhale mfuti zitayamba kulira, kwa nthawi yaitali akuluakulu ankangoti ndi achifwamba opanda nkhope. Bungwe lolangiza Pulezidenti lija linadzalengeza mu Epulo 2020 kuti dziko laukiridwa ndi zigawenga, pamene Islamic State inali itayamba kale kudzitama ndi ziwembuzo kuyambira pakati pa 2019.

Apa ndi pamene mtima umandiwawa, ndipo sindibisa. Zaka zomwezo, akuluakulu a SISE anali otanganidwa ndi zina. Mu 2013 ndi 2014 makampani atatu, ProIndicus, EMATUM ndi MAM, anatenga ngongole za madola pafupifupi 2 biliyoni kudzera ku mabanki a Credit Suisse ndi VTB, boma litasainira mwachinsinsi Nyumba ya Malamulo isakudziwa. Makampaniwo anali m'manja mwa a ukazitape, ndipo chifukwa chimene anapereka chinali kuteteza gombe la nyanja. Zitaululika mu 2016 othandiza dziko lino anaimitsa ndalama, metikali inagwa, ndipo inu amalonda mukukumbukira mmene mitengo inakwerera. Mu Disembala 2022 khothi linagamula Gregório Leão, amene anali mkulu wa SISE, ndi António Carlos do Rosário, amene ankayang'anira ukazitape wa za chuma, kuti akakhale kundende zaka 12 aliyense. Gombe limene anakongolera ndalama kuti alitetezelo ndi lomwe zigawenga zinalanda: mu Ogasiti 2020 doko la Mocímboa da Praia linagwa, n'kukhala m'manja mwawo chaka chathunthu. Nthambi ya ukazitape imagwira ntchito mobisa, n'zoona, ndipo iyenera kutero. Koma ikakhala kuti palibe woifunsa, chinsinsi chomwecho chimabisanso wakuba.

Funso lanu la Rwanda likuchokera pamenepa. Zaka zoyambirira nkhondoyi inkatsogoleredwa ndi apolisi, makamaka UIR, asilikali ali pambuyo ndi zida zochepa. Zitakanika, boma linalemba ganyu ankhondo akunja: a Wagner a ku Russia anabwera mu Seputembala 2019 n'kubwerera patangopita miyezi yochepa ataphedwa angapo, kenako a Dyck Advisory Group a ku South Africa ndi mahelikopita awo ang'onoang'ono. Pa 24 Malichi 2021 zigawenga zinalowa mu Palma, pafupi ndi ntchito ya gasi ya madola 20 biliyoni ku Afungi, ndipo kampani ya Total inaimitsa zonse mwezi wotsatira. Mu Julayi chaka chomwecho Rwanda inatumiza asilikali ndi apolisi 1,000, ndipo pa 8 Ogasiti Mocímboa da Praia inalanditsidwa. Mayiko a SADC, Malawi ndi Zambia ali momwemo, anatumiza gulu lawo la SAMIM, limene linachoka mu Julayi 2024. A European Union anatenga mbali ya maphunziro: anaphunzitsa magulu 11 a asilikali othamangira pa ngozi, ena ku Katembe, ena kufupi ndi Chimoio. Boma linavomerezanso mwalamulo Força Local, anthu a m'midzi onyamula mfuti, ambiri mwa iwo otsogoleredwa ndi ankhondo akale a ufulu.

A ku Rwanda anapambana msanga chifukwa cha zida ndi mwambo wa usilikali, inde, koma palinso china chimene anthu a kumeneko amachitchula kawirikawiri: ambiri amalankhula Chiswahili, ndipo ankalankhulana ndi anthu mwaulemu. Wogulitsa nsomba akamasuka nawe amakuuza bwato limene lafika usiku. Mtsogoleri wa zigawengazo, Bonomade Machude Omar, anaphedwa mu Ogasiti 2023, koma nkhondo sinathe. Anthu oposa miliyoni imodzi anathawapo m'nyumba zawo chiyambireni, ndipo ziwembu zinafika ku Mecula m'chigawo cha Niassa kumapeto kwa 2021 ndi ku Chipene m'chigawo cha Nampula mu Seputembala 2022.

Pali mbali ina yosamveka phokoso, ya ndalama. GIFiM ndi ofesi imene imalandira malipoti a mabanki ndi makampani otumiza ndalama akaona kayendedwe kokayikitsa. Mu Okutobala 2022 bungwe la FATF, limene limayang'anira mmene mayiko amalimbanirana ndi ndalama za umbava ndi za uchigawenga, linaika Mozambique pa mndandanda wa mayiko ofooka pa nkhaniyi, ndiye mukaona kubanki akulimbikira kufuna BI (chiphaso cha unzika), NUIT (nambala ya msonkho) ndi umboni wa kumene mumakhala, gwero lake lina ndi limenelo. Boma linakhazikitsanso ADIN mu 2020 kuti itukule zigawo za kumpoto, povomereza kuti mnyamata wopanda ntchito savuta kukopa.

Tibwere kwathu kuno. Tete ali kutali ndi nkhondo, koma ndi njira. Tili ndi zipata za Zobwe, Calómuè, Cassacatiza ndi Cuchamano, tili ndi damu la Cahora Bassa, malasha a ku Moatize ndi njanji yopita ku Nacala yodzera m'Malawi. M'madera ena a Angónia malire ndi msewu chabe, munda uli mbali ino, chigayo chili mbali inayo. Mu Malichi 2020 pa sikelo ya magalimoto ya Mussacama anatsegula kontena yochokera ku Malawi n'kupezamo anthu 64 a ku Ethiopia atafa chifukwa chosowa mpweya, 14 okha ali moyo. Anthu amenewo sanali zigawenga, anali osauka opita kukasaka ntchito ku South Africa. Koma galimoto yonyamula anthu 78 inalowa m'dziko. Khomo limene linatsegukira iwo likhoza kutsegukira chilichonse.

Ndipo mmene limatsegukira tonse timaona. Chapa, minibasi yonyamula anthu, ikaima pa chotchinga cha pamsewu, kondakitala amatsika chapa isanaimitsitse, mapepala a galimoto ali m'manja, pakati pake atapindamo ndalama ya refresko. Amazungulira kuseri, amabwerako akumwetulira, chitseko n'kutsekedwa. Mayi wa dengu la tomato amene waiwala BI ndiye amatsitsidwa, koma matumba ali pansi pa mipando palibe wawagwira. Ine ndimati chotchinga chotere n'choopsa kuposa msewu wopanda chotchinga, chifukwa ku Maputo amawerenga kuti msewuwo ukulonderedwa.

Chinanso chimene a chitetezo ayenera kuchikumbukira akamatipempha kuti tizilankhula ndi Kapise. Mu 2016, pa mkangano wa boma ndi Renamo, anthu oposa 10,000 a m'midzi ya m'boma la Moatize, cha ku Nkondezi uko, anathawira ku Kapise m'boma la Mwanza. Ambiri anauza atolankhani ndi mabungwe a ufulu wa anthu kuti amene anawatenthera nyumba ndi nkhokwe anali a boma. Inu a ku Zobwe munawaona ndi maso anu akudutsa ndi mitolo pamutu. Munthu amene anathawapo yunifolomu sathamangira kwa yunifolomu kukanena zimene waona. Ku Cabo Delgado nakonso, mtolankhani wa wayilesi ya ku Palma, Ibraimo Mbaruco, anasowa pa 7 Epulo 2020 atatumizira mnzake uthenga woti wazunguliridwa ndi asilikali, ndipo sanapezekebe. Nkhani ngati imeneyi imatseka pakamwa pa mudzi wonse, ndipo kazitape wanzeru chotani sangamve kanthu m'mudzi wotseka pakamwa.

Ndiye mukanene kapena ayi? Ine ndikuti kaneneni, koma mwa njira yokutetezani inu ndi mlendoyo. Wofuna chipinda aonetse BI kapena pasipoti, mulembe dzina ndi nambala yake m'kope lanu, mupite naye limodzi kwa sekeretale masana, pakhale mboni. Woyenda bwino sakana zimenezi. Musamuyese munthu ndi chovala, ndevu kapena chinenero. Asilamu akhala nafe m'misika ya Tete ndi Ulongwe kuyambira kale, ndipo musaiwale kuti oyamba kuchenjeza za gulu lija anali mashehe, komanso Asilamu ambiri aphedwa ndi zigawenga zomwezo. Choyenera kukutsegulani maso ndi zochita: munthu wosonkhanitsa anyamata n'kuwalonjeza ntchito kapena mpamba wa bizinesi kumpoto osatchula kampani, wolipiriratu ulendo wa anthu angapo koma osafuna kuti makolo adziwe, wosunga anthu m'chipinda usana wonse n'kuwatulutsa usiku. Malonjezo a ntchito ndi ngongole za bizinesi ndi amene anakokera anyamata ambiri a ku Nampula ndi Niassa m'tchire.

Samalaninso ndi WhatsApp. Lamulo la uchigawenga la 2022, nambala 13, linaika chilango cha zaka 2 mpaka 8 kwa wofalitsa dala nkhani yabodza ya chiwembu pofuna kuopseza anthu. Mabungwe a atolankhani analidandaula kuti likhoza kugwiritsidwa ntchito potseka anthu pakamwa, ndipo ine ndili nawo limodzi pa dandaulolo. Komabe uthenga wa mawu wakuti "alowa ku Moatize" umene simukudziwa mwini wake, musautumize. Mwana wanu ali kunkhondoyo akakuimbirani, musamufunse kumene ali, ndipo zithunzi zake za yunifolomu musaziike pa Facebook.

Pa malonda anu, chimene ndingakupempheni kwambiri n'chakuti SIM yolembetsedwa m'dzina lanu musabwereke munthu, ndipo wina akati "ndilandirireni ndalama pa M-Pesa kapena e-Mola yanu, ndikupatsani kangachepe," mukane ngakhale akhale kasitomala wa tsiku ndi tsiku. Ofufuza akamalondola ndalama, dzina loyamba kulipeza ndi la mwini nambala.