Kalabu yathu ikufuna kusiya NHC: kodi boti lathu lisiya kupambana?

Imelo ya sabata ino yachokera kwa mbale wathu wina amene akukhala ku Southampton, ku England. Nyengo yotentha, Lachitatu lililonse madzulo, amakwera nawo boti la matanga la mnzake wa kuntchito, lotalika mafiti 32, pa mipikisano ya kalabu. Funso lake ndi ili: "Komiti ya kalabu yathu ikufuna kuti chaka chamawa tisiye NHC tiyambe YTC, ndipo ena akuti bwanji tingolowa IRC. Chaka chino tapambana kangapo. Mwini boti akuti tikasintha tizithera kumbuyo. Kodi n'zoona? Nanga pa msonkhano tivotere ziti?"

Achimwene, mwini boti akhoza kukhala akunena zoona. Koma mukadzatsikadi, musadzathamangire kunena kuti njira yatsopanoyo yakuberani. NHC, YTC ndi IRC ndi njira zowerengera wopambana pa mpikisano wa maboti osafanana liwiro, koma NHC ndi YTC siziyeza chinthu chimodzi. NHC imayang'ana mmene inu anthu mwakhala mukuchitira, YTC imayang'ana boti lokha, ndipo kalabu yanu ikusankha pakati pa ziwirizi ngakhale komiti isakunena choncho.

Ndiyambe ndafotokozera owerenga amene sanaonepo mipikisanoyi. Pa kalabu wamba maboti safanana: lina lalitali, lina lolemera, lina latsopano lopepuka lokhala ndi matanga aakulu. Akati wofika poyamba ndiye wapambana, bwenzi chikho chikungopita kwa amene ali ndi boti lalikulu chaka ndi chaka. Ndiye boti lililonse limapatsidwa nambala yake, handicap, ndipo nthawi imene latenga pa mpikisano imawerengedwanso ndi nambalayo. Wopambana ndi amene nthawi yake yokonzedwayo ili yochepa, ngakhale atafika anzake atayamba kale kumwa tiyi.

NHC inabwera mu 2013 ndi RYA, bungwe loyang'anira masewero a maboti ku Britain. Boti limayamba ndi nambala yochokera pa miyeso yake, koma mpikisano uliwonse ukatha, kompyuta imaisintha. Mukathamanga bwino kuposa mmene nambala yanu imanenera, imakwera, ndipo mpikisano wotsatira mufunika kuthamanga kwambiri kuti mupambanenso. Mukachita zofooka, imatsika. Zili ngati mphunzitsi amene amakwezera mwana malikisi okhozera akangokhoza, n'kumatsitsira amene walephera, mpaka kalasi yonse izioneka yofanana. Cholinga chake n'chabwino ndithu: aliyense akhale ndi tsiku lake. Koma taonani amene amapindula. Gulu limene likuphunzira, limene mwezi uno likuyendetsa bwino kuposa mwezi watha, limakhala patsogolo pa nambala yake nthawi zonse, motero limapambana. Gulu la akatswiri limene limayenda bwino sabata iliyonse nambala yake imakwera mpaka kukafika poti kupambana n'kovuta. Ngati gulu lanu ndi la anthu amene angoyamba kuzolowerana, ndikuganiza kuti zikho zanu za chaka chino zachokera pamenepa. Si manyazi ayi, kuphunzira msanga ndi luso. Kungoti chikho cha NHC chimanena kuti "mwachita bwino kuposa kale," osati "mwaposa anzanu."

Ndipo pali chinyengo china chimene aliyense wa pa kalabu amachidziwa koma sachitchula pa msonkhano: kuyenda mwaulesi dala pa mipikisano yosafunika kuti nambala itsike, kenako n'kudzatulutsa mphamvu zonse pa sabata ya chikho chachikulu. Komiti ikatopa ndi madandaulo otere, imayamba kufunafuna nambala yosasuntha.

YTC ndi nambala yotero. Inayambira ku Falmouth, ku Cornwall, komwe makalabu a kumeneko ankaigwiritsa ntchito pakati pawo, ndipo mu 2022 RYA inaitenga kukhala ya dziko lonse mothandizana ndi ofesi ya ku Lymington ya RORC, kalabu ya ku Britain yoyendetsa mipikisano ya panyanja yaikulu. Mwini boti amalemba fomu pa intaneti: kutalika kwa boti, kutalika kwa mbali yokhudza madzi, kulemera kwake, kuzama kwa keel (chipsepse cholemera cha pansi pa boti) ndi mtundu wake, kukula kwa matanga, mtundu wa propela. Satifiketi yake ndi yaulere. Nambala ikatuluka, yatuluka. Mupambane kasanu motsatizana, siisintha. Muthere kumbuyo chaka chonse, siikumverani chisoni.

Chenjerani ndi masamu ake, chifukwa apa ndi pamene anthu amakangana pachabe. Pa NHC ndi IRC, nambala yaikulu imatanthauza boti lothamanga, ndipo nthawi imachulukitsidwa ndi nambalayo. Pa YTC n'zotembenuka: nambala yaing'ono ndiyo ya boti lothamanga, ndipo mumatenga nthawi, kuchulukitsa ndi 1,000, n'kugawa ndi nambalayo, monga amachitira pa Portsmouth Yardstick ya timaboti ting'onoting'ono. Tiyeni tiyerekeze ndi manambala ongopeka. Boti lanu latenga ola limodzi ndi mphindi 30, amene ndi masekondi 5,400. La anzanu latenga ola limodzi ndi mphindi 24, masekondi 5,040. Pa IRC, inu muli ndi 0.950, iwo 1.020: nthawi yanu ikhala 5,130, yawo 5,141. Mwapambana ndi masekondi 11 ngakhale munafika mochedwa ndi mphindi zisanu ndi imodzi. Pa YTC, inu 980, iwo 910: yanu 5,510, yawo 5,538. Mwapambananso, koma ndi mpata wina. Musayese kutenga nambala ya njira ina n'kuisandutsa ya njira inzake ndi kakyuleta, chifukwa masikelo ake ndi osiyana. Chofunika kuyang'ana si nambala yanu payokha, koma mpata umene ulipo pakati pa inu ndi maboti atatu kapena anayi amene mumalimbana nawo Lachitatu lililonse.

Tsopano za IRC, imene anzanu ena akuifuna. Iyi ndi nkhani yakale. Isanabwere, mipikisano ya panyanja inkayendera njira ina yotchedwa IOR, imene masamu ake anali poyera. Okonza maboti anawaphunzira masamuwo mpaka anayamba kupanga maboti a maonekedwe achilendo, otupa pakati ndi opanikizika kumbuyo, opangidwira kunyenga tepi yoyezera m'malo moyenda bwino, ndipo munthu wa boti wamba analibenso mwayi. M'zaka za m'ma 1980 RORC ya ku Britain ndi bungwe linzake la ku France, UNCL, anayambitsa Channel Handicap System, imene pambuyo pake inadzatchedwa IRC, ndipo anachita chinthu chimene mpaka lero ena chimawanyansa: masamu ake anawabisa. Mumatumiza miyeso, mumalipira, amakupatsani nambala ya madijiti atatu pambuyo pa kadontho, koma mmene yapezekera sakuuzani. Akuti n'cholinga choti okonza maboti asapeze mpata wozembera. Mpikisano wotchuka wa panyanja wa Fastnet umayendera IRC, ndipo chikho chachikulu cha mpikisano wa ku Australia wa Sydney Hobart, Tattersall Cup, chimaperekedwanso pa IRC. Satifiketi yake ndi ya chaka chimodzi, ndipo chaka chilichonse mulipiranso. Mipikisano ina ikuluikulu imafuna satifiketi yotsimikizidwa, kutanthauza kuti woyeza wovomerezeka abwere, boti likwezedwe ndi kireni lili lopanda katundu n'kuliika pa sikelo.

Kwa kalabu ya Lachitatu madzulo, ine ndikuona kuti kukakamiza aliyense kulowa IRC ndi kuthamangitsa anthu. Mwini boti amene amangofuna kuzungulira ma buoy (zizindikiro zoyandama pamadzi) ola limodzi ndi theka akaweruka kuntchito sadzalipira satifiketi chaka chilichonse, adzangosiya kubwera. Amene akufuna IRC kawirikawiri ndi amene ali nayo kale chifukwa amapita ku sabata ya mipikisano ya Cowes Week kapena ku mipikisano ya RORC. Amenewo apatseni kalasi yawo ngati alipo okwanira. Ngakhale Round the Island Race, yozungulira chilumba cha Isle of Wight pafupi ndi kwanuko, ili ndi makalasi a IRC komanso njira yakeyake ya Island Sailing Club ya maboti amene alibe satifiketi. Okonza ake anazindikira kale kuti magulu awiriwa sangakhale m'thumba limodzi.

Wina pa msonkhano adzatchula njira inanso, ORC, dikirani muone. Iyo masamu ake ali poyera, ndipo kompyuta imawerengera liwiro la boti lililonse pa mphepo zosiyanasiyana ndi mbali zosiyanasiyana zimene mphepo ikuchokera, motero boti limakhala ndi manambala angapo m'malo mwa imodzi. Ku Germany, Italy, Spain ndi maiko a ku Baltic ndiyo yofala. Mu 2018 ku The Hague anayesa kuphatikiza IRC ndi ORC pa mpikisano umodzi wa dziko lonse lapansi. Koma ku Solent, nyanja ya kwanuko ya pakati pa Isle of Wight ndi gombe la England, maboti ambiri amene mungakumane nawo ali pa IRC, ndipo ORC imafuna woyendetsa mpikisano amene angasankhe bwino kuti mphepo ya tsikulo inali yotani, apo ayi mkangano umangochoka pa nambala n'kupita pa iyeyo. Isiyeni kaye.

Komabe ORC ikutikumbutsa vuto limene nambala imodzi singathetse, kaya ndi ya YTC kaya ya IRC. Boti lolemera la matanga aang'ono limakwawa mphepo ikakhala yofooka, koma ikakula limadula mafunde pamene opepuka akuvutika. Nambala yake ndi imodzimodzi masiku onse awiri. Onjezani madzi a ku Solent. Ife a ku Nyanja ya Malawi tinazolowera kulimbana ndi mwera basi, madzi sakwera ndi kutsika tsiku ndi tsiku. Kumeneko madzi amayenda mwamphamvu, ndipo boti loyenda pang'onopang'ono likamalimbana nawo limataya gawo lalikulu la liwiro lake kuposa boti lothamanga. Choipitsitsa ndi mphepo ya madzulo imene imafa dzuwa likamalowa: akuluakulu amaliza kale, inu a mafiti 32 mwatsala mukuyandama mamita ochepa kuchokera pa mzere, wotchi ikungowerenga. Zimenezi NHC inkazibisa pang'ono chifukwa inkakutsitsirani nambala sabata yotsatira. YTC sidzabisa. Mankhwala ake ali m'manja mwa komiti: kugawa maboti m'makalasi a liwiro lofanana, kufupikitsa njira mphepo ikayamba kufa, ndi kulola kutaya zotsatira zoipa zingapo pa mndandanda wa chaka.

Musanavote, pemphani chinthu chimodzi chimene sichidya ndalama. Woyendetsa mipikisano ali ndi nthawi zenizeni za boti lililonse za chaka chino. Eni maboti onse atenge manambala a YTC, poti ndi aulere, ndipo zotsatira za chaka chonse ziwerengedwenso ndi manambalawo n'kumatidwa pa bolodi. Ndi ntchito ya madzulo amodzi pa kompyuta. Pamenepo mwini boti wanu adzaona yekha ngati akuchoka pa nambala wani kupita pachitatu kapena pa nambala 12, ndipo komiti idzaonanso ngati pali boti lina limene lapatsidwa nambala yokayikitsa chifukwa mwini wake analemba miyeso yolakwika. Mukaona kuti maboti atatu omwewo akupambana mpikisano uliwonse ndi mphindi zambiri, dziwani kuti pakatha zaka ziwiri otsalawo adzayamba kugwa ulesi. Ku Ireland makalabu ambiri amawerenga mpikisano umodzi kawiri, pa IRC ndi pa ECHO, imene imasintha potengera zotsatira ngati NHC, ndipo amapereka zikho ziwiri. Palibe choletsa kalabu yanu kuchita chimodzimodzi ndi YTC ndi NHC. Kungoti zilembedwe momveka mu chidziwitso cha mpikisano nyengo isanayambe: chikho chiti chikuyendera njira iti, ndipo amene wasintha matanga pakati pa chaka achite chiyani.

Voti yanga ikanakhala iyi: YTC pa chikho chachikulu, NHC ipitirire pambali kwa chaka chimodzi kapena kuposa, IRC kwa amene akuifuna okha.

Kwa mwini boti, muuzeni asakopere miyeso mu kabuku ka fakitale asanayeze yekha. Matanga akale a laminate amafota pakapita zaka, ndipo ngati alemba kukula kwa thanga latsopano pamene lake linachepa, akulipira liwiro limene alibe. Alembe zoona za propela, chifukwa yosapindika imakoka madzi ndipo imawerengeredwa. Aganizirenso bwino za spinnaker, thanga lalikulu lokwezedwa mphepo ikamachokera kumbuyo: pali nambala ya okweza spinnaker ndi ya oyenda ndi matanga wamba okha, ndipo ngati gulu lanu limaikweza mochedwa n'kuitsitsira m'madzi, mwina mupindula poyamba mwaisiya m'thumba mpaka mutaizolowera. Akadzaganiza zolowa IRC, akweze boti pa sikelo, popeza maboti akale ambiri amalemera kuposa zimene fakitale inalemba, ndipo kulemerako kumatsitsa nambala.

Pomaliza, kumbukirani kukula kwa zimene mukukanganirana. Pa IRC, kusiyana kwa 0.001 ndi masekondi 3.6 pa ola. Kusiyana kwa 0.010, kumene kumakwiyitsa eni maboti mpaka kulemba makalata, ndi masekondi 36. Kunyamuka mochedwa pa mzere woyambira, chingwe chimodzi kukodwa pa winchi yokokera matanga potembenuka, kapena pansi pa boti pomera ndere chifukwa sipanatsukidwe kwa mwezi wathunthu, chilichonse mwa izi chikhoza kukudyerani masekondi amenewo mpikisano usanafike pakati. NHC inkakubwezerani ena mwa iwo sabata yotsatira. Kuyambira chaka chamawa, ngati voti idutsa, muzikawapeza nokha: tsukani pansi pa boti, fikani msanga muone mmene madzi akuyendera pa mzere, ndipo Loweruka lina mutuluke popanda mpikisano mukayeserere kutembenuka mpaka aliyense adziwe chingwe chake.