Amalume afunsa za mphoto ya asisi

Amalume, mwaswera bwanji? Pepani phokoso, ndili m'basi pa Great East Road. Ndamva funso lanu pagulupa, lakuti mphoto imene asisi alandira kuyunivesite ija ndi ya chiyani, apeza mankhwala atsopano kapena bwanji, ndiponso ngati muli kangachepe. Amakana kudzitama aja, ndiye ndiwayankhire ine.

Za ndalama tiyambe kuchotsa. Chimene abwera nacho kunyumba ndi satifiketi ndi kagalasi kolembedwa dzina lawo, amayi akaika kale pamwamba pa kabati. Kandalama kamene kalipo kakupita ku labu, kogulira zipangizo. Ndiye a kwa Katete asayambe kulemba mndandanda wa feteleza.

Mphotozi zimakhala zamitundu. Ina amapatsa amene watulukira njira yatsopano, ina amene kafukufuku wake wasintha moyo wa anthu, osati kungothera m'mabuku. Ya asisi ndi ya kugwira ntchito ndi anzawo, ndipo ndamva m'mawu mwanu kuti mwaiona ngati ya wotsalira pa mpikisano. Ayi amalume, kwa ine imeneyi ndiye yovuta kuposa zinazo.

Taonani za ku Kabwe. Mgodi wa mtovu uja unatsekedwa mu 1994, koma fumbi lake likadali m'dothi ku Kasanda, Makululu ndi Chowa, ndipo ana akamasewera pansi limalowa m'thupi n'kuwononga ubongo. Amene anayeza zimenezi bwinobwino ndi a sukulu ya madokotala a ziweto ya ku UNZA, yunivesite ya Zambia, ija dzina lake Samora Machel, imene inamangidwa ndi thandizo la Japan, pamodzi ndi anzawo a yunivesite ya Hokkaido. Anatenga dothi, magazi a ana, ngakhale a nkhuku ndi agalu omwe. Ganizani, dokotala wa ziweto yekha angatenge magazi a mwana wa munthu? Pafunika namwino wa pakiliniki, pafunika wodziwa za nthaka, pafunika wina wokhala pansi ndi makolo n'kuwafotokozera m'chinenero chawo mpaka avomere. Mmodzi akakhumudwa, ntchito yonse yaima.

Ntchito ya asisi si ya Kabwe, koma kayendedwe kake ndi komweko. Ine ndinawaona mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, malaiti akuzima pafupifupi tsiku lonse. Zinthu zawo zoyeza zimasungidwa mufiriji yozizira kufika pa madigiri minus 80, zikasungunuka ndiye kuti miyezi yonse yoyenda m'midzi yapita pachabe. Usiku wina anandidzutsa cha m'ma 2 koloko, jenereta yakana, tinathamangitsa makatoni pagalimoto yanga kupita ku labu ya anzawo a dipatimenti ina, amene anatsegula chitseko atavala malaya ogonera. Dzina la mayi ameneyo lilinso pa satifiketi ija.

Za mankhwala munafunsazo, alipo Mzambia amene ali pa ntchito imeneyo, Pulofesa Kelly Chibale, anaphunzira pa UNZA pompa, ndipo mu 2010 anayambitsa malo ofufuzira mankhwala otchedwa H3D ku Cape Town. Nayenso ali ndi gulu lalikulu kumbuyo kwake.

Ndafika pa siteji, nditsike. Loweruka tikudya nkhuku kwa amayi, kagalasi kaja mudzakagwire nokha.