Wotchi ya malemu apongozi yatidanitsa m'nyumba

Anti,
Ndili pa banja ku Area 25 kuno, ana atatu. Amuna anga ali ndi wotchi ya Omega imene anasiya malemu bambo awo, akuti anaigula ku Joni nthawi ya Wenela a Kamuzu asanaletse anthu kupita kumigodi mu 1974. Inaima chaka chatha ndiye pano akufuna aitumize ku Johannesburg akaikonze, ndalama zake zokwana fizi ya teremu yonse ya mwana wathu wa fomu 3. Ine ndinangoti bwanji tiigulitse mugule ina yoyenda, basi kuyambira tsiku limenelo nsima akudya ali duu. Alamu anga a ku Kawale nawo amva, akuti wotchiyo ndi yawo poti ndi achisamba. Nditani?
Mayi wothedwa nzeru, Area 25

Achemwali,
Mawu oti "tiigulitse" aja ndi amene anawabaya. Bambo akunyumbawo akaiyang'ana wotchiyo amaona mkono wa bambo awo, ndiye inu mwaitchulira mtengo ngati tomato wa ku Wakawaka. Pamenepo kapepeseni, koma za fizi musapepese ayi, mwana apite kusukulu kaye.

Chimene nonse simukuona ndi choti palibe chothamangira. Ma Omega ambiri a zaka zimenezo alibe batire, amayendera sipuling'i, ena opukusa ndi zala ena amadzipukusa okha munthu akamagwedeza mkono, ndiye ikaima kawirikawiri amakhala oyilo wauma ndi fumbi basi. Mukaiika mu kabokosi malo ouma, kutali ndi chinyezi ndi masipika (maginito amaisokoneza), idikira ngakhale zaka osaonongeka. Auzeni choncho, kuti muzisunga kenakake mwezi ndi mwezi ka wotchiyo, muona nkhope imasuka poti amva kuti nanunso mukuifuna.

Koma chonde isapite pa benchi ku Malangalanga. Anyamata aja sindikuwanyoza, batire ndi lamba amasintha bwinobwino, ine yanga ndimapita nayo komweko, koma iyi imafuna kuimasula yonse tizitsulo tating'onoting'ono, kutsuka, kuthira oyilo wake, kachitsulo kamodzi kakangosowa kuno simukapeza. Nthawi yotumiza ikakwana ijambuleni kutsogolo ndi kumbuyo, okonzawo akaitsegula akutumizireni nambala imene ili pa makina a mkati, anene mtengo asanaigwire, ndipo chilichonse achotse abweze. Asasinthe nkhope yake kapena kuipukuta kuti iwale ngati yatsopano, zimenezo zimagwetsa mtengo, ndipo mikwingwirima ija ndi ya malemuwo. Inyamulidwe ndi wachibale wodalirika, osati kupatsira kondakitala wa basi ya ku Joni.

Za alamu anuwo, inu khalani pambali, mukangolowapo nkhani isanduka yoti mkazi wa uje akudya chuma cha apongozi. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 silinena kuti wachisamba atenge chimene wafuna, komanso wotchi imodzi siyofika nayo kukhoti. Afunseni amuna anu ngati malemuwo anawapatsa ali moyo komanso panali ndani. Ngati panali mboni yatha, ngati panalibe aitane malume awo akhale pansi anthu apachibale okhaokha, wotchiyo isanatuluke m'nyumba.
Anti